Njinga ikangoti "thi", musathamangire kugula koyilo

Tsiku lina Lachiwiri m'mwezi wa June, ndikutuluka m'kalasi la Fomu 3 m'manja muli mbuu ndi choko, ndidapeza mnyamata wina akundidikira pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa ofesi. Ndidamuphunzitsa zaka zinayi zapitazo. Mayeso sadamuyendere bwino, ndiye pano amachita kabaza wa njinga yamoto, kunyamula anthu ndi katundu kuchoka pamsika kupita kumidzi ya kumtunda. Njingayo si yake. Ndi ya mkulu wina wa golosale, ndipo madzulo alionse amayenera kukatula ndalama imene adapangana, kaya tsikulo kudali makasitomala kaya kudalibe. Zowonongeka zing'onozing'ono amalipira yekha.

"Aphunzitsi, paja inu munkatiphunzitsa za magetsi," adatero atandipatsa moni. "Tandionereni njingayi, yandimaliza."

Nkhani yake idali yotere. Kwa sabata ziwiri njingayo imakana kulira akadina batani la sitata. Imangoti "thi" kamodzi, basi zii. Adapita nayo kwa makaniko wina pamsika, ndipo mkuluyo, asadaigwire n'komwe, adangoti koyilo yapsa. Mnyamatayo adagula koyilo yatsopano ndi ndalama za masiku atatu, zina adachita kukongola kubanki m'khonde ya mkazi wake. Ataimanga, njinga idangoti "thi" ngati kale. Apa makaniko uja adasintha mawu, nati mwina koyiloyo ndi yafeki, akagule ina kutauni.

Ndidamufunsa funso limodzi lokha: "Nanga ukaponda kiki, imalira?"

"Imalira bwinobwino, aphunzitsi. Kamodzi kokha. Kungoti makasitomala akaona ukuvutika ndi kiki amayesa njinga ndi yakufa, amakwera ya mnzako."

Ndidamuuza kuti ngati ikulira ndi kiki, koyilo yake yakale idalibe mlandu uliwonse, ndipo chimene chikulira "thi" chija ndi solenoyidi. Adandiyang'ana modabwa. "Koma aphunzitsi, si inu nomwe mudatiuza kuti solenoyidi ndi koyilo?"

Ndidasowa chonena. Amanena zoona. Chaka ndi chaka ndakhala ndikulemba pabolodi kuti solenoyidi ndi koyilo ya waya, ana n'kukopera, ine n'kupitirira. Chiganizocho si chabodza, koma ndi chopelewera, ndipo kupelewera kwakeko ndi kumene kudachititsa kuti mnyamata wanga asathe kutsutsa makaniko uja. Ndiye ndati ndilembe pano zimene ndidayenera kunena m'kalasi muja, poti amene akudyeredwa ndalama ndi mawu awiriwa si iye yekha. Akabaza, aminibasi, eni zigayo ndi alimi a mapampu a mthirira onse amawamva mawuwa pagalaja, n'kungovomera.

Tiyambe ndi koyilo. Mawuwa amanena za kakulungidwe basi. Chilichonse chimene chazunguliridwa mobwerezabwereza ngati nkhata ya pamutu chimatchedwa koyilo. N'chifukwa chake kamankhwala kofukiza udzudzu kaja timakatcha koyilo, chonsecho mulibemo magetsi. Chitsulo chofiira cha pahotipuleti nachonso ndi koyilo, ntchito yake kutentha. Pankhani ya magetsi ndi maginito, koyilo ndi waya, kawirikawiri wa kopa, wokutidwa ndi vanishi wopyapyala, umene waukulunga maulendo ambiri. Ikhoza kukhala yaifupi ngati chibangili, yafulati ngati mbale, yopindidwa mwa makona anayi monga za m'mota ya fani, kapena yozunguliridwa pa mphete ya chitsulo. M'sipika ya wailesi muli koyilo. M'thiransifoma za ESCOM zimene zimatsitsa mavolti 11,000 kapena 33,000 kufika pa 230 a m'nyumba zathu muli makoyilo akuluakulu, ndipo kopa wa makoyilo amenewo ndi china mwa zimene mbava zimafuna zikamagwetsa thiransifoma n'kusiya mudzi wonse mumdima. Majenereta a pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira mumtsinje wa Shire amapanga magetsi pozunguza maginito pafupi ndi makoyilo.

Koma waya aukulungiranji? M'chaka cha 1820, mphunzitsi wina wa ku Copenhagen m'dziko la Denmark, Hans Christian Ørsted, adaona kuti singano ya kampasi imatembenuka akaiyandikiza ku waya umene mukudutsa magetsi. Tanthauzo lake n'lakuti waya uliwonse wa magetsi umakhala ndi mphamvu ya maginito mouzungulira. Koma pa waya umodzi woongoka mphamvuyo ndi yochepa, ndipo imabalalika. Mukaupinda wayawo kukhala mkombero, mphamvu ya mbali zonse imaloza kumodzi pakati pa mkomberowo. Mukawonjezera mkombero wachiwiri pamwamba pake, mphamvu iwirikiza. Mikombero 200 ikupatsani mphamvu ya mawaya 200, malinga ngati kuchuluka kwa magetsi odutsamo sikunasinthe. Nzeru yonse ya koyilo yagona pamenepa.

Nkhani ya Ørsted itafika ku Paris chaka chomwecho, André-Marie Ampère adaigwira ndi manja awiri. Iye adakulunga waya motsatizana, mkombero uwu pambali pa unzake, mpaka chinthucho chidatalika ngati bango. Adapeza kuti chikalandira magetsi chimachita ngati maginito a ndodo: mbali ina kumpoto, ina kumwera. Ndi iyeyo amene adachipatsa dzina lakuti solenoyidi, kuchokera ku mawu a Chigiriki otanthauza paipi kapena ngalande. Dzina lenilenilo likunena kale maonekedwe ake. Solenoyidi ndi koyilo yooneka ngati paipi, yotalika kuposa kunenepa kwake, ndipo mikombero yake yandandalikidwa mofanana kuyambira uku mpaka uko.

Kusiyana kwa maonekedweku si kwa maso okha. Pa koyilo yaifupi ya chibangili, mphamvu ya maginito imachuluka pakatikati pomwepo, ndipo mukangosuntha pang'ono kutsogolo kapena kumbuyo yayamba kale kutsika. M'solenoyidi yaitali zinthu zimasintha. M'kati mwa paipi muja mphamvu imakhala yofanana pafupifupi ponseponse, yoloza kumodzi, ngati madzi oyenda mumpopi. Mukafika pakamwa penipeni pa paipiyo imatsika kufika theka, ndipo kunja m'mbali mwake imakhala yochepa zedi. Chinanso chimene chimadabwitsa ana anga n'chakuti m'solenoyidi yaitali kunenepa kwa paipi kulibe ntchito kwenikweni. Chimene chimalamula ndi kuchuluka kwa magetsi odutsa, ndi kuthithikana kwa mikombero pa sentimita iliyonse. Mikombero 100 yopanikizana pa masentimita 5 imaposa mikombero 100 yomweyo yotayana pa masentimita 10, ndipo imaiposa kawiri.

Ndiye pano ana ndimawauza kuti chambo ndi nsomba, koma si nsomba iliyonse ili chambo. Munthu akakutumani chambo inu n'kubwera ndi mlamba, simunganene kuti zonse ndi nsomba. Solenoyidi iliyonse ndi koyilo, koma makoyilo ambiri si masolenoyidi. Wa Fomu 4 akafunsidwa kujambula mizere ya maginito ya solenoyidi, iye n'kujambula ya mkombero umodzi, malikisi apita.

Anthu awiri adaonjezera chinthu chimene chidapangitsa zonsezi kukhala zaphindu kunja kwa labu. William Sturgeon wa ku England, amene adayamba ngati wosoka nsapato kenako n'kukhala msilikali, adaika chitsulo m'kati mwa koyilo. Mu 1825 adaonetsa kachitsulo kopindika kolemera pafupifupi magalamu 200, kokulungidwa ndi mikombero 18 yokha, kakunyamula makilogalamu anayi. Akadula magetsi, katundu amagwa. Chitsulo chofewa chimasonkhanitsa mphamvu ya maginito n'kuichulukitsa kwambiri, ndipo chimaitaya msanga magetsi akazima. Kenako Joseph Henry, mphunzitsi wa pasukulu ina ku Albany m'dziko la America, adakuta waya wake ndi nsalu ya silika kuti athe kusanjikiza mikombero yambirimbiri popanda kugundana. Mu 1831 adapanga maginito amene adanyamula makilogalamu oposa 900. Henry ndimakonda kumutchula m'kalasi, poti adali mphunzitsi wa ana ngati ine, ngakhale ndikukayika ngati kalasi lake lidali ndi ana 90.

Mpaka apa ndalankhula za solenoyidi ya m'buku. Ya pagalaja ili ndi tanthauzo lina pang'ono, ndipo apa ndi pamene ine ndidalakwitsa posanena. Makaniko akati solenoyidi, sakunena waya wokha. Akunena kachipangizo kathunthu: koyilo ya paipi, kachitsulo kotha kuyenda m'kati mwake, ndi sipuling'i yokabwezera. Ntchito yake ndi kusandutsa magetsi kukhala kukoka kapena kukankha.

Izi mukhoza kuziyesa pakhomo panu, ndipo ife tidaziyesa sabata yomweyo. Pasukulu pathu palibe labu yeniyeni. Zipangizo zonse zimakwana m'katoni imodzi. Tidatenga chikhokhombe cha bolopeni yotha, ndi waya wa kopa umene tidasolola m'mota ya fani yakufa. Tidakulunga wayawo pa chikhokhombecho mothithikana, mizere itatu yosanjikizana, kutalika ngati chala. Nsonga ziwiri tidazipala ndi lumo kuti vanishi achoke, poti mukaiwala zimenezi palibe chichitike ndipo ana akusekani. Kenako tidalowetsa msomali theka lokha pakamwa pa chikhokhombecho, n'kugunditsa mawaya ku mabatire awiri a tochi. Msomali udalowa wokha, fyuu, ngati wamezedwa. Kalasi lonse lidakuwa. Mtsikana wina adati titembenuze mabatire kuti msomaliwo ulavulidwe. Tidatembenuza, koma udalowanso m'kati momwemo. Chifukwa chake n'chakuti koyiloyo ndi imene imasandutsa msomali kukhala maginito, ndipo imausandutsa moti nthawi zonse uzikokedwera kumene mphamvu yachuluka, komwe ndi m'kati. Ukafika pakati umaima. N'chifukwa chake solenoyidi ya pagalaja imafuna sipuling'i: magetsi amadziwa kukoka kokha, wobweza ndi wina. Mukamayesa, musagunditse nthawi yaitali. Waya umatentha mpaka kuwotcha zala, ndipo mabatire amatha msangamsanga.

Tsono kachipangizo kotere kakufunikiranji panjinga? Mota ya sitata ndi yadyera. Ya galimoto imatha kukoka maampu oposa 100 pa kanthawi koliza injini, ya njinga makumi angapo. Magetsi ochuluka chotere amafuna waya wonenepa ngati pensulo. Mutawadutsitsa pa kabatani ka pahandulo kapena pa kiyi, kangasungunuke tsiku lomwelo. Ndiye akatswiri adagawa ntchito pawiri. Kabatani kamatumiza magetsi ochepa ku koyilo ya m'solenoyidi. Koyiloyo imakoka kachitsulo, ndipo kachitsuloko kamakankha kambale ka kopa kamene kamalumikiza maboti awiri akuluakulu, lina lochokera ku batire, lina lopita ku mota. "Thi" amene mumamva uja ndi kambaleko kakumenya mabotiwo. Panjinga ntchito yake imathera pomwepo. Pagalimoto solenoyidi imakhala pamsana pa sitata ndipo imagwira ntchito ziwiri: imayamba yakankha kagiya kakang'ono kuti kalume mano a gudumu lalikulu la injini, kenako ndi pamene imalumikiza magetsi. Galimoto zoyambirira zidalibe zonsezi. Munthu amachita kupukusa chitsulo kutsogolo, monga amachitira a zigayo za dizilo mpaka lero, ndipo injini ikabweza anthu amathyoka mikono. Sitata ya magetsi idayamba kugulitsidwa pa galimoto za Cadillac mu 1912, ntchito ya Charles Kettering ndi anzake.

Masolenoyidi a mtundu womwewu ali ponseponse. Pa galimoto zambiri zakale za dizilo pali ina pa pampu ya mafuta, imene imatsegula njira ya dizilo mukatembenuza kiyi, ndipo ikafa injini imazungulira koma osalira. M'makina ochapira zovala ndi m'mipopi ina ya mthirira, imene imatsegula ndi kutseka madzi ndi yomweyo.

Koyilo imene mnyamata wanga adagula ndi nyama ina. Mulibe chilichonse choyenda m'kati mwake. Sikoka, sikankha, silira. Ntchito yake ndi kupanga moto wa papulagi. Kuti magetsi alumphe kampata kakang'ono ka papulagi, m'kati mwa injini mmene mpweya wapanikizidwa, pamafunika mavolti masauzande ambiri, nthawi zina kuposa 20,000. Batire lili ndi 12 okha. Njira yake idachokera kwa Michael Faraday wa ku London, munthu amene sadapite patali ndi sukulu ndipo adayamba ngati womata mabuku. Mu 1831 adakulunga makoyilo awiri osakhudzana pa mphete imodzi ya chitsulo. Adaona kuti akalumikiza kapena kudula magetsi mu koyilo yoyamba, yachiwiri imatulutsa magetsi kwa kamphindi. Magetsi akangokhazikika, yachiwiri imakhala chete. Chimene chimabala magetsi ndi kusintha kwa mphamvu ya maginito, ndipo kusinthako kukakhala kwadzidzidzi mavolti amakwera. Patatha zaka zisanu, mu 1836, wansembe wina wa ku Ireland, Nicholas Callan, amene amaphunzitsa ku Maynooth, adapanga chipangizo chokhala ndi mikombero yochepa ya waya wonenepa ndi mikombero yambirimbiri ya waya wowonda pa chitsulo chimodzi, n'kuyamba kutulutsa moto wolumpha. Koyilo ya panjinga ya kabaza ndi mdzukulu wa chipangizo cha bambo Callan. Kabokosi kakuda kamene amakaniko amati CDI kamatumiza magetsi mwadzidzidzi mu waya wonenepa uja, ndipo waya wowonda, wokhala ndi mikombero masauzande, umayankha ndi mavolti okwanira kuyatsa petulo. Kunena mwachidule, ndi kathiransifoma kakang'ono, kungoti ka ESCOM kamatsitsa pamene aka kamakweza.

Chosokoneza n'chakuti mutaing'amba koyilo ya motoyo, mupeza waya wokulungidwa ngati paipi mozungulira chitsulo. Ampère akadauona akadati ndi solenoyidi. Koma palibe makaniko amene amaitcha choncho, chifukwa pagalaja zinthu amazitcha potengera ntchito, pamene m'buku timazitcha potengera maonekedwe. Mbali inayi, kuli masolenoyidi a m'buku amene alibe kachitsulo koyenda. Pamalire a France ndi Switzerland, pafupi ndi Geneva, bungwe la CERN lili ndi makina otchedwa Compact Muon Solenoid. Paipi yake ndi yotakata mamita 6 m'kati, yotalika pafupifupi mamita 13, ndipo maginito ake amaposa a dziko lapansi pafupifupi maulendo 100,000. Sitsegula chitseko kapena kuliza injini. Ntchito yake ndi kupinda njira za tizidutswa tating'onoting'ono kuti asayansi atiyeze, ndipo ndi amodzi mwa makina awiri amene adapeza kachidutswa ka Higgs mu 2012. Adasankha maonekedwe a paipi pa chifukwa chomwe chija: m'kati mphamvu imakhala yofanana ponseponse.

Tibwerere pansi pa mtengo wa mango. Munthu safunika dipuloma kuti adziwe koyambira. Injini kuti ilire pamafunika zinthu ziwiri zosiyana: izunguliridwe, ndiponso ipse moto. Kuzunguza ndi ntchito ya batire, solenoyidi ndi mota ya sitata. Moto ndi ntchito ya koyilo, CDI ndi pulagi, pamodzi ndi mafuta. Mukadina batani injini n'kumazungulira "gwe-gwe-gwe" koma osalira, solenoyidi yagwira kale ntchito yake, ndipo apo mukhoza kukayikira pulagi, mafuta kapena koyilo. Mukadina injini osazungulira n'komwe, koyilo ya moto musaiyang'ane, poti nthawi yake sidakwane. Ndipo ngati kiki ikuliza njinga, kapena galimoto ikulira mukaikankha, ndiye kuti moto ulipo. Mwendo wanu wangolowa m'malo mwa sitata.

Kalizidwe nakonso kamanena zambiri. Kukamveka "thi-thi-thi-thi" mofulumira, kawirikawiri batire lafooka kapena mitu yake yachita dzimbiri. Chimachitika n'chakuti solenoyidi imakoka, mota n'kumeza magetsi onse otsalawo, solenoyidi n'kusowa mphamvu n'kutaya, magetsi n'kubwereranso, iyo n'kukokanso, choncho choncho. Kukamveka "thi" mmodzi wamphamvu kenako zii, batire lili bwino, ndiye kuti koyilo ya m'solenoyidi ikukoka ndithu, koma magetsi sakufika kapena sakugwira ntchito ku mota. Mwina kambale ka kopa kaja kapsa ndi moto wa tsiku ndi tsiku, mwina makala a m'mota atha, mwina waya wamasuka. Kukakhala zii osamveka kanthu, yambani ndi fyuzi, batani lenilenilo, ndi timasiwichi timene njinga zina zili nato pa kalachi kapena pa sitandi. Koyilo ya moto ikamafa imakhala ndi khalidwe lakelake: njinga imatha kuyenda bwino m'mawa, ikatentha n'kuzima panjira, ikazizira n'kuliranso.

Sindikufuna kuti amakaniko andide. Ambiri adaphunzira ntchito poyang'ana manja a anzawo, alibe mita yoyezera, ndipo amadzutsa njinga zimene ine ndi dipuloma yanga sindingazikwanitse. Komanso pali njira imene mawu akuti koyilo angakhale oona ngakhale vuto likuonekera pa sitata. Panjinga pali makoyilo enanso m'kati mwa injini, kuseri kwa gudumu la maginito, amene amapanga magetsi otchajira batire. Amenewo akapsa, batire limauma pang'onopang'ono, ndipo mapeto ake ndi "thi-thi-thi" uja. Kuyeza kwake n'kosavuta: batire labwino likapuma limaonetsa mavolti pafupifupi 12.6, ndipo injini ikamalira mwaiponderako mafuta liyenera kukwera kufika cha m'ma 14. Ngati silikwera, kutchaja kwafa. Choncho panjinga imodzi pali koyilo ya moto, makoyilo otchaja, koyilo ya m'solenoyidi, ndi makoyilo a m'mota ya sitata. Makaniko akangoti koyilo yapsa, funsani kuti koyilo iti, ndipo waidziwa bwanji. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Makaniko wodziwa ntchito sakwiya ndi funso limeneli, amakulozerani. Chimene ndikudana nacho ndi chizolowezi chogulitsa sipeya mongoganizira, kumusinthitsa munthu ichi ndi icho mpaka mwamwayi chimodzi chigwire, ndalama zonse zikutuluka m'thumba la munthu amene madzulo akuyenera kukatula kwa mwini njinga.

Ife tidachita motere. Mita ya pasukulu idaonetsa kuti batire lili pa 12.5, ndiye lidali bwino. Kenako ndidafuna njira imene mnyamatayo angaibwereze ali yekha kumudzi, ndiye tidatenga babu la indiketa n'kulimangirira mawaya awiri. Waya umodzi tidagunditsa pa chitsulo cha injini. Winawo tidagunditsa pa boti la solenoyidi lochokera ku batire, babu lidayaka. Tidausamutsira pa boti lopita ku mota, giya ili pa nyutulo, iye n'kudina batani. "Thi" adamveka, koma babu silidayake. Magetsi amafika pakhomo koma osawoloka. Mlandu udali wa kambale ka kopa kaja, ndipo babu likadayaka tikadapita kukafunsa mota. Ntchito yonse sidathe mphindi khumi, ana a Fomu 1 atatizinga ngati tikugawa maswiti.

Ndikudziwa kuti ambiri amayeza zimenezi pogunditsa sipanala pa maboti awiri aja. Imagwira, koma ine sindilimbikitsa. Pamathetheka moto waukulu pafupi ndi thanki ya petulo, batire likamatchaja limatulutsa mpweya woyaka, ndipo ngati njinga ili pa giya imadumpha n'kukugwerani. Babu la indiketa silinapwetekepo munthu.

Solenoyidi yatsopano idapezeka pamsika pomwepo, pa mtengo wotsikirapo poyerekeza ndi koyilo ija. Wa shopu adakana kulandiranso koyilo yomangidwa kale, ndiye idakhala panjingapo, ndipo ngongole ya kubanki m'khonde adaimaliza patatha mwezi. Koyilo yakale, imene idalibe vuto, ndidamuuza aisunge ngati sipeya. Adakana, nati akaiona mtima umamuwawa, ndipo adandisiyira pamodzi ndi solenoyidi yakufayo. Lachisanu lake tidazidula zonse ziwiri ndi sowo ya zitsulo pamaso pa Fomu 4. M'solenoyidi tidapezamo kachitsulo, sipuling'i, ndi kambale ka kopa kakuda bii kodyekadyeka ngati kalumidwa ndi mbewa. Mu koyilo mudalibe choyenda, koma timadontho ta kopa tothithikana, tina tonenepa, tambiri toonda kuposa tsitsi. Anyamata awiri adati awerenga timadonthoto kuti adziwe mikombero. Adafika pa 300 ndi kena belu n'kulira, limu ya galimoto imene timaimenya ndi chitsulo, ndipo adali asadamalize ngakhale kangodya kamodzi. Zidutswazo pano zili m'katoni ija, ndipo manotsi anga a mutu umenewu ndidawang'amba n'kulemba ena.